Sewero la Zachuma ndi Mwana wa ku Marapodi

M'nkhani ino tifuna kuunika funso limene makolo ndi aphunzitsi amafunsa kawirikawiri masiku ano, lakuti kodi sewero la pa wailesi ya kanema lokamba za ndalama ndi malonda, lolembedwera anthu akuluakulu, n'loyenera kuti ana ndi achinyamata aziliona? Tatenga sewero la Industry ngati chitsanzo chachikulu, ndipo tiliyerekeza ndi masewero ena awiri a kuno kum'mwera kwa Africa. Woonera amene tikumuganizira ndi mwana wa ku Marapodi, komboni ya kumpoto kwa mzinda wa Lusaka imene inatenga dzina lake kwa Marrapodi, Mtaliyana amene ankaotcha njerwa ndi laimu m'derali pa nthawi ya atsamunda. Zimene tinene za mwana ameneyu zikhudzanso mnzake wa ku Kanyama, Chawama kapena George.

Tiyambe ndi nyumba imene seweroli limaonedweramo, popeza ofufuza ambiri amaiwala kuti sewero limakhala ndi malo awiri: malo ochitikira nkhani ndi malo oonerako. Makampani oulutsa amaika chizindikiro pa kanema, monga 13, 16 kapena 18, pamodzi ndi zilembo zochenjeza za mawu otukwana, umaliseche, chiwerewere ndi chiwawa. Amaperekanso nambala yachinsinsi yotsekera zimene kholo silifuna kuti mwana aone. Njira zonsezi zinakonzedwa poganizira nyumba ya zipinda zambiri, mmene mwana amapita kukagona kwake n'kusiya akulu pabalaza. Mabanja ambiri a m'komboni amachita lendi chipinda chimodzi kapena ziwiri, ndipo pabalaza pomwepo ndi pamene ana amayala mphasa. Kanema akayaka, wayakira onse, kuphatikizapo ana a kwa aneba amene asuzumira pakhomo. Kuwonjezera apo, masewero ambiri sakudzeranso pa kanema wa banja. Amayenda pa lamya za m'manja, mnyamata kupatsira mnzake. Kotero chizindikiro cha 18 chimauza kholo zoona, koma sichilipatsa mphamvu yochitapo kanthu.

Industry linayamba kuonetsedwa mu Novembala 2020 pa HBO ndi BBC. Olilemba ake, Mickey Down ndi Konrad Kay, anagwirapo ntchito m'mabanki iwo eni. Nkhani yake ndi ya achinyamata omaliza kumene maphunziro a ukachenjede amene alembedwa ntchito moyembekezera pa banki yongopeka ya Pierpoint mumzinda wa London, ndipo akudziwa kuti pakatha miyezi ingapo ena adzachotsedwa. Mpangankhani wamkulu, Harper Stern, walowa ntchito ndi mapepala a sukulu achinyengo. M'gawo loyamba lenileni mnyamata wina, Hari, amafera m'chimbudzi cha pa ntchito atadzipanikiza usana ndi usiku osagona. Mankhwala ozunguza bongo, chiwerewere choonekera poyera ndi mawu otukwana zili ponseponse, ndipo ku America seweroli linaikidwa m'gulu la akulu okhaokha.

Pa zimenezi palibe chotsutsana: mwana wa zaka khumi kapena khumi ndi zitatu sayenera kuona zotere, ndipo sitichedwapo. Chimene chatikopa ndi vuto lina limene chizindikiro cha msinkhu sichiliyeza.

Olemba a Industry sakutamanda moyo wa pa Pierpoint. Akuudzudzula, ndipo akutero mwaluso. Koma chidzudzulo chawocho chagona m'mawu: m'Chingerezi chothamanga cha ogula ndi kugulitsa ndalama, chodzaza ndi zining'a za ntchitoyo, zimene ngakhale Mngelezi wamba sazimva zonse. Pamene Eric Tao, bwana wa Harper, akumuyamikira, woonera wokhwima amamva kuti m'kuyamikirako muli msampha. Woonera amene Chingerezi ndi chilankhulo chake chachitatu, pambuyo pa Chinyanja cha m'tauni ndi Chibemba, samva msamphawo. Iye amatsala ndi zimene maso aona: masuti, nyumba zamagalasi, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi mphambu zochepa amene wanena mawu angapo pa lamya ndipo manambala a pa kompyuta asintha, anthu n'kuwomba m'manja. Tinganene kuti seweroli likaoloka nyanja limavula chiphiphiritso chake n'kutsala ndi zovala zokha. Ndalama za m'menemo zilibe munda, zilibe msika, zilibe thukuta looneka. Zimabadwa pa galasi la kompyuta. Ndipo mnyamata wa ku Marapodi amadziwa kale malo amodzi kumene ndalama zimaoneka ngati zikubadwa pa galasi: m'nyumba zobetchera mpira zimene zafala m'misika ya m'makomboni ndi pa lamya yake yomwe.

Ena amati nkhani za ngongole, chinyengo ndi umbombo n'zazikulu, mwana asazimve. Ife sitikuvomereza. Mwana wa m'komboni amatumidwa kukagula pamela, kaphukusi ka ufa wa tsiku limodzi, ndipo amadziwa chifukwa chake sagula thumba lathunthu. Amadziwa tsiku limene mayi ake amalandira chilimba, chimene ku Malawi amati chipereganyu. Amadziwanso kaloba, katapila wa ku Lusaka, ndipo ambiri anaonapo wokongoza akutuluka m'nyumba atanyamula wailesi kapena kanema yemweyo. Mwana wotere sitingamubisire zoti ndalama zimapweteka. Chimene akusowa ndi nkhani yomuonetsa ulusi wolumikiza kaloba wa pakhomo ndi nyumba zamagalasi zija.

Ulusiwo ulipo. M'mwezi womwewo umene Industry linayamba, Novembala 2020, boma la Zambia linalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole yake ya Eurobond, ndipo linakhala dziko loyamba mu Africa kutero pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Mapepala a ngongole zotere amagulidwa ndi kugulitsidwa m'zipinda zofanana ndi za Pierpoint. Kwacha ikagwa, mtengo wa mafuta ndi wa basi yopita m'tauni umakwera, ndipo pamela amachepa. Makolo a ana amenewa akukumbukiranso chaka cha 1995, pamene banki ya Meridien BIAO inagwa, anthu n'kupeza zitseko zotseka ndalama zawo zili mkati. Industry limaima pa mapeto amodzi a ulusiwo ndipo kawirikawiri silicheukira kumapeto enawo. Sitikuliimba mlandu, pakuti mlembi ali ndi ufulu wosankha malo a nkhani yake. Tikungonena kuti woonera wa ku Marapodi amakhala kumapeto amene sewerolo silionetsa.

Tikatembenukira kwathu tipeza Mpali, sewero la Frank Sibbuku limene linayamba pa Zambezi Magic m'chaka cha 2018. Si sewero la zachuma m'lingaliro la mabanki, ndipo nalonso lili ndi zake zosayenera ana: chigololo, nsanje ya pa mitala ndi mikangano yosatha, imene nthawi zina olemba amaitalikitsa mpaka kutopetsa. Komabe chuma cha Nguzu chimaoneka ndi maso. Ndi famu, ndipo akazi ake ndi ana ake akulimbirana chinthu chimene woonera akudziwa kumene chinachokera ndi amene anachikhetsera thukuta. Msemphano wake, wakuti adzadya ndani mwini akadzapita, ndi womwewo umene unachititsa kuti Zambia ikhazikitse lamulo la 1989 la kagawidwe ka chuma cha masiye, logawira ana magawo 50 pa 100, wamasiye 20, makolo 20 ndi odalira womwalirayo 10. Mwana amene anaonapo achibale a bambo akusesa m'nyumba maliro atangotha safuna womumasulira. Chilankhulonso chimamuthandiza, chifukwa apangankhani amasakaniza Chingerezi ndi zilankhulo za m'dziko monga momwe anthu a mu Lusaka amachitira, kotero kuti kunyoza ndi kunyengerera kwa m'mawu kumamufika kwathunthu.

Umboni wina ukuchokera ku South Africa. M'chaka cha 2012 sewero la Scandal! la pa e.tv linalowetsa nkhani ya mayi wina, Maletsatsi, amene anatenga katundu pa ngongole yolipira pang'onopang'ono, nalephera kubweza, nayesa njuga, mpaka anakapempha uphungu kwa othandiza angongole. Gunhild Berg ndi Bilal Zia a ku World Bank anayerekeza oonera seweroli ndi oonera Muvhango, limene linalibe nkhani yotere, ndipo anapeza kuti oyambawo anachepetsa njuga ndi kugula katundu pa ngongole ya mtundu umenewo, ndiponso ankakonda kukongola ku malo ovomerezeka. Kafukufukuyu anachitika pakati pa akulu, ndipo tisamukokere kumene sanafike. Chimene tikutolapo n'chakuti nkhani ya Maletsatsi inagwira mtima chifukwa oonera anamudziwa kale mayiyo kwa zaka, ndipo anatsatira ndalama yake kuchokera m'sitolo kufikira pa msozi.

Makolo athu anali nayo njira yawo yogawira nkhani potsata msinkhu, ndipo inali yosiyana ndi ya manambala. Mwambo wa ku chinamwali ndi wa ku dambwe unali wotsekedwa, wosavinidwa sankaumva. Koma nthano za madzulo zinali za onse, ndipo sizinali zofewa ayi. Muli kuba, kunama, njala, Fisi wofa ndi dyera, Kalulu wodya thukuta la anzake. Ana ankaphunzira adakali aang'ono kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Chimene chinkateteza mwana si kusowa kwa zoipa m'nkhani, koma kupezeka kwa wokamba nthano, amene ankaona nkhope za omvera, n'kudikira kuti ayankhe kuti ali tonse, n'kufupikitsa apa, kutambasula apo. Kalulu wa m'nthano ndi Harper Stern ndi apachibale: onse ndi ochenjera, onse amapulumuka kumene tinkayembekeza kuti agwidwa, ndipo omvera amawakonda ngakhale akudziwa kuti ndi akathyali. Kusiyana kwake n'kwakuti Kalulu ankabwera ndi agogo.

Bungwe loyang'anira zoulutsa mawu m'Zambia, la IBA, limachitapo kanthu pakabuka dandaulo la zamakhalidwe, monga mu 2019 pamene pulogalamu ya Lusaka Hustle inaimitsidwa nduna yoona za chipembedzo, a Godfridah Sumaili, itadandaula. Miyeso yotere imayang'ana thupi ndi zovala. Palibe chilembo chochenjeza kholo kuti m'sewero ili ndalama zikuoneka zopanda gwero.

Chigamulo chathu tsono chili pawiri. Kwa ana ndi achinyamata osafika zaka 18, Industry n'losayenera, ndipo chifukwa chachiwiri chimene tafotokozachi n'cholemera kwa ife mofanana ndi choyamba chija. Kwa ophunzira a chaka choyamba pa koleji, amene msinkhu wawo wayandikira wa Harper ndi Hari, gawo loyamba la seweroli tingaligwiritse ntchito m'kalasi, mphunzitsi atasankha zigawo, n'kuwapempha kuti amasulire m'Chinyanja zokambirana za Eric ndi Harper. Tikukhulupirira kuti pofunafuna mawu a kwathu oyenera m'kamwa mwa Eric, ophunzira ambiri adzapeza kuti akumulankhulitsa ngati wokongoza kaloba wa pa msika wa Mandevu.