Za Makina Oonetsana Nkhope Patali

Ciyambire mliri wa 2020 anthu ambiri aphunzira kusonkhana pa lamya moonana nkhope. Eni ace a Zoom atamanda zokometsera zace, monga kubisa m'nyumba ndi cithunzi cokongola. Koma kodi wamalonda wa ku Songwe, pokambirana ndi mnzace wa ku Kasumulu tsidya lija la mtsinje, apindulanji nazo? Iye afuna mau omveka ndi bandulo yosatha msanga, pakuti cithunzi cimadya ndalama koposa mau. Ndiponso msonkhano waulere wa Zoom uduka pa mphindi 40, akulu asanatsirize mlandu. Cifukwa cace WhatsApp, imene anthu ali nayo kale m'manja, tiiyesa yoposa kuno. Khasu liyesedwa m'munda, si m'sitolo ai.