Funso la Mdzukulu ndi Funso la Kalaliki

Foni ya m'manja yafika pamakonde ambiri ku Mpingu, ku Nsaru ndi kwa Kabudula, ndipo achinyamata ayamba kujambula mawu a agogo awo asanatsikire kulichete. Ntchitoyi ndi yotamandika, koma zojambulidwa zambiri zimamveka ngati kalembera wa boma: munabadwa chaka chanji, bambo anu anali yani, sukulu munalekeza pati. Agogo amayankha mawu awiri atatu, kenaka n'kuti aiwala. Sanaiwale ayi. Afunsidwa m'njira imene mbiri ya banja la Achewa siyendamo. Luso lonse la ntchitoyi lagona pa kafunsidwe, ndipo wofunsa bwino ndi amene wakhala pamphasa ngati mdzukulu, kusiya ukalaliki kumsewu.

Kuno mtundu umawerengedwa kudzera kwa amayi. Pansi pa chikamwini bambo anali mlendo wochokera mudzi wina, pomwe osunga mbumba anali amalume. Choncho funso lotsegula nkhokwe ndi lakuti: "ANaphiri, amayi anu anabadwa angati m'mimba mwawo, nanga bele lalikulu linali la yani?" Apo maina amatuluka ngati ngumbi, pamodzi ndi midzi imene anasamukako ndi manda amene anawasiya m'mbuyo. Zaka nazonso zili ndi kawerengedwe kake. Nkhalamba siyisunga manambala, imasunga zochitika. Ikanena kuti inali kamtsikana pomwe azungu ankatsegula malo ofufuzira zaulimi ku Chitedze, wojambula adziwe yekha kuti ndi cha m'ma 1948. Ikati mwana wachisamba anabadwa masisitere atangoyamba chipatala cha St Gabriel ku Namitete, ndiye kuti 1959 yadutsa kumene. Ikati abambo a m'nyumba anabwerako ku Joni osapitanso, mwina ikukamba za 1974, pomwe ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendo wa kumigodi. Manambalawo ndi katundu wa wojambula, akawalembe madzulo payekha. Kuwafunsa pakati pa nkhani ndi kudula mtsinje ukuyenda.

Malo ndi nthawi nazo ndi mbali ya lusoli. Megan Vaughan, polemba buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, anapeza m'nyimbo za amayi za pamtondo zinthu zimene mafailo a atsamunda sanasunge, monga kudandaula za amuna amene anathawa mabanja njala itafika povuta. Pakamwa pamamasuka manja akakhala pantchito. Lero mtondo walowedwa m'malo ndi chigayo, koma kutonola chimanga, kuswa mtedza ndi kusoka fodya m'chigafa zikadalipo. Kukhazika agogo pampando, atavala zakutchalitchi, foni itawaloza kukamwa, kumabala mawu a pamsonkhano. Ndipo si aliyense angafunse. Mkamwini sangakhale maso ndi maso ndi apongozi n'kumawafunsa za ukwati wawo woyamba. Mdzukulu angathe, poti mwambo unamupatsa ufulu woseleulana ndi agogo, amene amamutcha mwamuna wanga kapena mkazi wanga.

Ena amati mutu wa nkhalamba ndi wosadalirika, akuti agogo amakometsa za iwo n'kubisa zochititsa manyazi. Zoona zilipo pamenepa. Akulu awiri obadwa bele limodzi angasiyane pa chifukwa chimene mudzi unagawanikira, wina ati ufiti, wina ati kuchepa kwa minda. Koma kusiyanako ndi chuma, chifukwa kumaonetsa pamene panali bala. Samuel Josia Ntara anatolera Mbiri ya Achewa kuchokera m'kamwa mwa akuluakulu m'zaka za m'ma 1940, ndipo Jan Vansina mu 1961 anaonetsa kuti mbiri yapakamwa imayesedwa ngati umboni wina uliwonse: wanena ndani, kwa yani, pofuna chiyani. Cholakwa chachikulu ndi kusakaniza mawu a anthu awiri kuti patuluke nkhani imodzi yosalala. Aliyense asungidwe payekha, ndipo kumayambiriro kwa chojambulidwa kumveke dzina la wolankhula, mudzi, tsiku ndi amene analipo, popeza mayi salankhula chimodzimodzi alongo ake akakhala pambali.

Chodandaula cholemera kuposa ichi ndi cha malo. Kumadzulo kwa Lilongwe, malamulo a malo a 1967 ndi pulojekiti ya chitukuko cha malo imene inayamba mu 1968 zinabweretsa ndunda, pomwe minda ya banja lonse inkalembedwa pamodzi, munthu mmodzi n'kuimira abale ake. Chifukwa cha ichi, funso lakuti anayamba kuswa mphanje pano ndani si lamacheza chabe. Mawu a agogo, atadulidwa mphindi imodzi n'kutumizidwa pa WhatsApp, angasanduke nkhwangwa pabwalo la a gulupu, pamlandu wa munda kapena wa ufumu. Mantha amenewa ndi oyenera, ndipo yankho lake silingakhale kuleka kujambula, poti mlandu ukabuka agogo atapita, wolankhula mokuwa ndiye amapambana. Chofunika ndi kuwauza poyera, foni isanayatsidwe, kuti mawuwo akamvedwa ndi yani, kujambula mabele onse osati lako lokha, ndi kusunga nkhani yathunthu osaibenthula. Za kudambwe ndi za kutsimba zikayandikira, foni izimitsidwe. UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, koma sinatsegule dambwe kwa osameta.

Pokonza zojambulidwazo, chiyeso chimakhala chochotsa kulira kwa tambala, chifuwa cha agogo ndi malo amene mawu anatha. Tambala achoke ngati akusokoneza. Koma agogo akafika pa njala ya 2002, n'kutchula dzina la mwana amene anamuika chaka chimenecho, kenaka n'kukhala duu kwa nthawi, wojambula asafulumire ndi funso lina, ndipo wokonza asadulepo. Kawirikawiri dzina lachiwiri, limene banja silinalitchulepo kwa zaka, limatuluka pakutha pa bata limenelo.