Mabuku Awiri a m'Bokosi la Agogo

Pamene agogo anga anamwalira kuno ku Nangongwe, tinapeza m'bokosi lao mabuku awiri a mbiri yakale. Loyamba linali la Cingerezi, limene anaphunzira ali mnyamata pa sukulu ya mishoni. Laciwiri linali Mbiri ya Acewa, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Ndawerenga onse awiri madzulo nditaweruka ku nchito, ndipo ndifuna kuwayesa pamaso panu, inu amene mwangotsiriza sukulu.

Buku la Cingerezi nlolongosoka bwino. Zaka zace ziri m'ndondomeko, kotero kuti mwana sasokera. Koma cirema cace ndi ici: m'menemo dziko lathu lioneka pokha-pokha Mzungu atafika. Litiuza kuti Livingstone anapeza mathithi mu 1855, cikhalireco eni dziko anali atawacha kale Mosi-oa-Tunya. Caka comweco iye anaoloka mtsinje wathu wa Kafue. Nanga anamuolotsa ndani? Bukulo liri cete. Litama ulalo wa njanji umene unamangidwa pa Kafue mu 1906, koma za anthu amene anasenza zitsulo zace silinena kanthu.

Ntara anatsata njira yina. Anafunsa akulu-akulu, nalemba za Kalonga, za Undi, ndi za mafuko a Phiri ndi Banda. M'buku lace munthu wakuda ndiye mwini nkhani. Komabe nalonso liri ndi pofooka: zaka nzosowa, ndipo nkhani ya pakamwa ikonda kukometsa mfumu ya woisimbayo. Wowerenga wanzeru ayenera kufunsa kuti, wanena izi ndani?

Amene analemba buku loyambalo anayesa kuti ulamuliro wa Angerezi sudzatha. Koma Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinapasuka mu 1963, ndipo mu 1964 Zambia inalandira ufulu. Pambuyo pace nchito zazikuru zinadza ndi alendo ena. Njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa mu 1975, anatithangata ndi a ku China. Makina oyamba a magetsi pa Kafue Gorge anamangidwa ndi kampani ya ku Yugoslavia, dziko limene lero kulibe. A kumunsi kwace, amene anatsirizidwa mu 2023, anamanga ndi Sinohydro ya ku China. Zoonadi mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka.

Ndamva anyamata ena akukondwa kuti mphamvu ya Azungu irikucepa, nayamba kutama alendo atsopanowa monga momwe buku lija linatamira Angerezi. Kutero ndiko kulilembanso buku lomwelo, kungosintha maina. Mbiri imene iwerenga alendo okha, kaya acokere kumadzulo kaya kum'mawa, sikhala yathu ai.

Cisoni canga ncakuti agogo ndinakhala nao zaka zambiri, koma sindinawafunse konse za ulendo wao wocokera ku Cipata kudzagwira nchito pa njanji. Zonsezo zinapita nao kumanda. Inu musacite monga ine. M'Kafue muno alipobe okalamba amene anaomba nsalu ku Kafue Textiles ndi kupanga fetereza ku Nitrogen Chemicals. Pitani mukakhale nao pansi. Kwa Mngerezi uja tengani mwambo wosunga zaka, kwa Ntara tengani khutu lomvera eni nkhani, ndipo mulembe iwo akali moyo.