Tulo Tochepa ndi Khansa ya M'matumbo: Umboni Ukadali Woperewera

Mu 2011, magazini ya Cancer inasindikiza kafukufuku wa Cheryl Thompson ndi anzake a pa yunivesite ya Case Western Reserve ku Cleveland, m'dziko la America. Iwo anafunsa anthu 1,240 za kagonedwe kawo asanawaunike m'matumbo ndi kamera, ndipo 338 anapezeka ndi tizotupa timene nthawi zina timasanduka khansa. Chiopsezo cha tizotupati chinali chokwera ndi pafupifupi theka mwa ogona maola osakwana 6, poyerekeza ndi ogona maola 7 kapena kuposerapo.

Ubwino wa kafukufukuyu ndi wakuti anthu anayankha asanadziwe zotsatira, choncho nkhawa ya matenda sinasokoneze mayankho awo. Koma kufooka kwake n'koonekeratu. Maola ogona sanayezedwe ndi chipangizo; aliyense ankangonena zimene akukumbukira. Mafunso ake anali okhudza mwezi umodzi wokha, pamene tizotupa timakula kwa zaka zambiri. Komanso tizotupa tambiri sitisanduka khansa.

Bungwe la IARC nalonso, mu 2019, linaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zomwe mwina zimayambitsa khansa, koma linati umboni wochokera kwa anthu ndi wochepa.

Motero, ogwira ntchito zaumoyo asaopseze anthu kuti kusowa tulo kumabweretsa khansa. Chofunika kwambiri ndi kutumiza msanga kuchipatala aliyense amene akuchita chimbudzi cha magazi, akuonda popanda chifukwa, kapena wasintha kapitidwe ka kuchimbudzi kwa masabata angapo.