Dziko lomangidwa ndi mawu okhaokha

Mu 2021 kampani yaing'ono ya ku Canada, Falling Squirrel, inatulutsa gemu yotchedwa The Vale: Shadow of the Crown. Wosewera amakhala Alex, mwana wamkazi wa mfumu amene anabadwa wosaona. Mlongo wake atalowa ufumu, Alex atumizidwa kumalire a dziko, koma adani amutchingira panjira, ndipo ayenera kubwerera kwawo wapansi, limodzi ndi m'busa amene wakumana naye.

Pasikirini palibe nkhope, nyumba kapena mapu. Pali mdima ndi timadontho toyandama basi. Dziko lonse lili m'mahedifoni, ndipo apa ndi pamene pagona luso. Ukalowa m'mudzi, suuzidwa kuti wosula zitsulo ali kuti. Umangomva nyundo ikulira chapatali, chakumanzere. Ukatembenuka, kulirako kumabwera pakati pa makutu onse awiri, ndiye wadziwa kuti walunjika. Ukamayandikira, kumakula, phokoso la pamsika n'kumatsalira kumbuyo. Ife a ku Makwasa sitingadabwe nazo: chiperoni chikakuta minda ya tiyi, munthu amapeza njira potsata kulira kwa chigayo.

Pankhondo m'pamene makutu amayesedwa kwenikweni. Mdani amabwera kumanzere, kutsogolo kapena kumanja. Umamva mapazi ake, kuwefuka kwake, ndi zovala zake zachitsulo zikugundana. Ukafulumira kuponya lupanga, watema mphepo. Ukachedwa kukweza chishango, wavulala. Pakati pa ziwirizi pali kamphindi kochepa, ndipo wopanga gemu anakayeza bwino moti ukalephera umadziwa kuti sunatchere khutu mokwanira.

Chimene ndimayamikira koposa n'chakuti Alex sanapangidwe kuti tizimumvera chisoni, komanso sanapatsidwe matsenga oti alowe m'malo mwa maso. Ali ndi luso lochita kuphunzira, ndipo wosewera amaliphunzira naye pang'onopang'ono. Opanga gemuyi anagwira ntchito limodzi ndi bungwe la anthu osaona la ku Canada, CNIB, kotero woona ndi wosaona amayambira pamzere umodzi.

Boma lathu la Thyolo likuudziwa ulemu woterewu. Allan Namoko, amene anamwalira mu 1995, anali wosaona, koma anthu ankakhamukira kukamvera banjo yake ndi Chimvu Jazz Band chifukwa zala zake zinkadziwa ntchito, osati chifukwa chomumvera chisoni.

Luso lojambula dziko m'makutu nafenso tili nalo. Amene anakula akumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC akudziwa kuti chitseko chikalira, nkhuku n'kutetera, mudzi wonse waima pamaso. Achinyamata athu ophunzira zamakompyuta akhale pansi ndi olemba masewero a pawailesi ndiponso a Malawi Union of the Blind, atipangire gemu yolankhula Chichewa ndi Chilomwe, imene mwana wosaona angamugonjetse nayo mnzake woona.