Za Buku la Njovu ndi Minyanga Yake

Buku limene tifuna kuliyesa mwezi uno ndilo Elephant Song, lolembedwa ndi Wilbur Smith, amene anabadwira m'dziko la Zambia m'chaka cha 1933. Linatuluka mu 1991, patapita zaka ziwiri maiko atapangana kuletsa malonda a minyanga. Lisimba za Daniel Armstrong, wojambula zithunzi za nyama, amene alondola anthu amene anapha bwenzi lake Johnny Nzou, mkulu wa alonda a nkhalango ku Zimbabwe, naba minyanga m'nkhokwe ya boma. Mapazi a akubawo amfikitsa ku Lilongwe, kwa wamalonda wina wolemera.

Tiyambe ndi kuyamika. Mlembi adziwa kuyendetsa nkhani, kotero kuti woiyamba safuna kuileka. Ndiponso anaona choona, kuti wowombera njovu ndiye wamng'ono pa onse, koma phindu ligwera iwo okhala m'nyumba zabwino za m'mizinda. Ena anayesa kuti anangonamizira dziko lathu. Koma mu 2002 anagwira ku Singapore minyanga yoposa matani 6, yolongedwa ku Lilongwe, ndipo ofufuza anapeza kuti yambiri inali ya njovu za ku Zambia. Ife a ku Mchinji, okhala pa msewu wochokera ku Chipata, sitiyenera kuiwala ichi.

Tsono chotidandaulitsa ndi ichi: m'bukumu mzungu ndiye mpulumutsi, oipa aakulu ndiwo a ku Asia, ndipo mlimi wa m'mbali mwa nkhalango samveka mawu ake. Koma mlandu wa njovu suweruzika popanda iye. Ku nkhalango ya Kasungu, kumpoto kwa boma lathu, njovu zinali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970, koma pofika 2015 zinatsala ngati 50. Mu 2022 anabweretsako 263 kuchokera ku Liwonde. Pambuyo pake zina zinatuluka, zinadya chimanga, ndi kupha anthu tsidya lino ndi la ku Zambia. Kodi munthu amene munda wake watha usiku umodzi tidzamuuza chiyani, pamene wogula minyanga amuonetsa ndalama?

Makolo athu anali ndi lamulo lakuti mnyanga wogunda pansi ngwa mfumu mwini dziko. Potero njovu inali chuma cha dziko, ndipo mlenje anali ndi womuyankha. Mlembi akadadziwa mwambo umenewu, bwenzi buku lake litalemera koposa, ndi mwazi wocheperapo.

Chifukwa chake tinena kwa aphunzitsi anzathu: liwerengeni, pakuti lichenjeza, koma ana a sukulu musawapatse, popeza nkhanza zake zichuluka. Ndipo inu anyamata odziwa kulemba, mutu umodzi susenza denga. Mlendo wanena mbali yake. Mbali ya mwini munda ilindira inu.