Mlandu wa Kuzilala kwa Chilomwe: Ndemanga

Olemba ambiri amati Chilomwe chinazilala chifukwa cha chigamulo cha chipani cha Malawi Congress cha 1968 chokweza Chicheŵa. Maganizo ameneŵa ngopereŵera. Alomwe ochokera ku Mozambique, pokhazikika m'midzi yozungulira Fort Lister, pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, anapeza katekisimu, nyimbo ndi sukulu za mishoni zili kale m'Chinyanja. Ku Ireland nakonso ansembe ambiri anali atayamba kulalikira m'Chingerezi bungwe la Gaelic League lisanabadwe mu 1893, ndipo kukakamiza Chiairishi m'sukulu kuyambira 1922 sikunachibwezere m'makomo. Choncho Mulhako wa Alhomwe, wokhazikitsidwa mu 2007, usadalire lamulo ndi magule okha. Chilankhulo chimene mayi salankhula kwa mwana, chimenenso sichimveka paguwa, sichingadzuke.